Mukayamba kusunga mahatchi a eni ake papuloti, inshuwalansi ya nyumba imakuthawani

Ndakhala m'makola a mahatchi kuno ku Joni zaka zambiri ndithu, ndinayamba ngati groom wamba wowola ndowe ndi kupesa mahatchi kusanache cha ku Kyalami, pano ndine amene ndimayendetsa kayadi kakang'ono papuloti ina ku Glen Austin. Makola alipo 8 basi, mahatchi 3 ndi a eni puloti ndipo 5 timasungira anthu amene amalipira pamwezi, zija kuno amati livery. Aliyense amene wayendako amadziwa kuti achimalawi tadzadza pa ntchito imeneyi kuyambira ku Midrand mpaka ku Noordhoek ndi Hout Bay ku Cape Town, nde poti ena mwayamba kuchita lendi timapuloti n'kumasungira anthu mahatchi awiri atatu, ena ndinu amene abwana amakudalirani pa chilichonse cha payadi, ndati ndilembe za inshuwalansi. Nkhani yotopetsa inde, koma ndi imene inatsala pang'ono kutseketsa yadi yathu.

Linali Loweruka. Kunabwera farrier, uja wodula ziboda ndi kukhoma nsapato zachitsulo, atamaliza mnyamata wathu anabweza hatchi ina yaikazi yofiirira mu paddock, kampanda kamene mahatchi amadyeramo msipu, n'kungokankha geti osakola tcheni. Hatchi imeneyi sinali yathu, inali ya mayi wina amene anagulira mwana wake wa sukulu. Magetsi anali atazima nde geti lalikulu la kumsewu tinalisiya yasa kuti bakkie ya farrier ituluke poti mota yake sinkagwira. Mphepo inakankha kageti ka paddock kaja, hatchi uyo panja, ineyo ndinangomva ziboda phaphapha pa tala ndili ndi ndowa ya chakudya m'manja. Kunkabwera galimoto, woyendetsa anaizemba n'kukalowa mu mpanda wa njerwa wa aneba, hatchi nayo podzidzimuka inalumphira mu waya n'kudzicheka mwendo wakumbuyo mpaka mtsempha kuonekera. Palibe anafa, tithokoze Mulungu. Koma pofika Lolemba panali mabilu atatu, la galimoto, la mpanda, la dotolo wa ziweto. Adona, eni puloti aja, anaimba foni ku kampani imene amalipirako inshuwalansi ya nyumba mwezi ndi mwezi osaphonya, akulankhula molimba mtima ine ndili poteropo. Anawafunsa mafunso awiri okha. Hatchiyo ndi ya ndani? Mwini wake amakulipirani? Atayankha kuti eya, nkhani inathera pomwepo, adona anangoti kakasi foni ili kukhutu.

Chifukwa chake n'chakuti inshuwalansi ya nyumba imakhala ndi kagawo koteteza mwini nyumba akawonongetsa za anthu ena ngati munthu wamba, mwachitsanzo galu wake akaluma mlendo. Koma mukangolandira ndalama, kaya ndi ya hatchi imodzi yokha, kaya mwini wake ndi mnzanu wa kutchalitchi amene amangokupatsani kangachepe ka udzu, kampani imati imeneyo ndi bizinesi, ndipo pafupifupi mapepala onse a inshuwalansi ya nyumba amalemba poyera kuti za bizinesi sizikuwakhudza. Walira mvula walira matope, ndalama ya livery imabwera ndi matope ake.

Nde choyamba kuchita musanalandire hatchi ya munthu ndi kuuza kampani yanu zoona zake, ndipo muwauze polemba imelo osati pafoni pokha. Mahatchi alipo angati, a eni ake ndi angati, kodi pali wophunzitsa ana kukwera, kodi mumanyamula mahatchi pa horsebox, ngolo ija yokokedwa ndi galimoto, kupita nawo kumipikisano, antchito alipo angati, denga la makola ndi la malata kapena la udzu. Anthu amabisa poopa kuti ndalama ya pamwezi ikwera, ikweradi, koma kubisa ndi koopsa kuposa pamenepo chifukwa kampani ikazindikira kuti simunanene zofunika ili ndi mphamvu yokana ngakhale claim ya nyumba yeniyeniyo, kunena kuti tikanadziwa kuti pali mabelo a udzu ndi anthu olowa ndi kutuluka sitikanavomera pa mtengo umenewu. Ine langizo langa musamapite nokha pa foni ya call centre, pezani broker, mkhalapakati wa inu ndi makampani a inshuwalansi, amene amadziwa za mafamu ndi mahatchi, mufunseni nambala ya laisensi yake yotchedwa FSP muione pa webusaiti ya FSCA, bungwe loyang'anira makampani a zandalama, kuti ndi wovomerezekadi. Broker amene sanapondepo m'khola amakugulitsani pepala la shopu ya m'tauni.

Mukakhala naye pansi, chinthu choyamba kutchula ndi public liability ya bizinesi ya mahatchi. Imeneyi ndi ija ikanalipira galimoto ndi mpanda wa aneba, imalipiranso hatchi ikamenya mlendo theche kapena kuluma mwana amene wabwera kudzaona, komanso ndalama za maloya zimene nthawi zina zimaposa chipukuta misozi chenichenicho. Osatenga yotsikitsitsa chifukwa yotchipa. Galimoto imakonzedwa, koma munthu akathyoka msana n'kukhala pa wilitcheya moyo wake onse mlandu wake umafika mamiliyoni a marandi, ndipo kusiyana kwa ndalama ya pamwezi pakati pa chitetezo chaching'ono ndi chachikulu nthawi zambiri sikukhala kwakukulu mmene mungaganizire, funsani mitengo iwiri muyerekeze nokha.

Ena amati aaa koma hatchi si yanga, mlandu ndi wa mwini wake. Apa mpofunika kumvetsa lamulo la kuno. South Africa ili ndi lamulo lakale lochokera kwa Aroma lotchedwa actio de pauperie, limati mwini chiweto amalipira chiweto chake chikavulaza munthu mosemphana ndi khalidwe la ziweto zoweta za mtundu wake, ngakhale iyeyo sanalakwitse kalikonse. Pomva zimenezi mutha kusangalala kuti ndiye ndapulumuka. Ayi. Mu 1993 khoti la apilo pa mlandu wa Lever v Purdy, unali wa galu amene analuma munthu mwini wake ali kunja kwa dziko atasiyira wina nyumba, linagamula kuti mwini chiweto atha kudziteteza ponena kuti chiwetocho chinali m'manja mwa munthu wina amene anachita mphwayi. Pa nkhani yathu ija munthu winayo ndi ndani? Ndife, amene sitinakole tcheni. Loya wa mwini hatchi amaloza chala pa yadi, loya wa mwini galimoto amasumira onse awiri kuti aone amene ali ndi thumba. Palinso lina la actio de pastu, la chiweto chikadya mbewu za m'munda mwa eni, ife a kumudzi timalidziwa kale limeneli, ndi mlandu uja wa mbuzi ndi chimanga kwa amfumu, kungoti kuno kumakhala maloya.

Tsopano pamene ambiri amagwera mbuna, ngakhale amene anagula public liability n'kumagona tulo. Public liability imateteza katundu wa anthu akunja, koma imachotsamo katundu amene ali m'manja mwanu kuti mumusamale. Hatchi ya livery ndi katundu wa munthu wina amene ali m'manja mwanu. Kutanthauza kuti bilu lachitatu lija, la mwendo wa hatchi yofiirira, silikanalipiridwa ngakhale tikanakhala ndi public liability yabwino bwanji. Chimene chimatseka bowo limeneli chili ndi dzina lake, care custody and control, litchuleni momwemo kwa broker ndipo muone ndi maso anu kuti lalembedwa pa schedule, tsamba lija la mndandanda wa zimene inshuwalansi yanu ikuteteza. Chimalipira hatchi ya mwini wake ikavulala kapena kufa chifukwa cha kulakwitsa kwanu kapena kwa antchito anu, monga kuiwala kutseka chipinda cha chakudya hatchi n'kudya thumba lonse mpaka kudwala colic, matenda a m'mimba, kapena laminitis, matenda a ziboda, kusiya waya wothyoka mu paddock, kuika pamodzi mahatchi awiri odana. Chimakhala ndi malire awiri, a hatchi imodzi ndi a chaka chonse, nde yang'anani hatchi yodula kwambiri imene ili payadi panu. Pali kusiyana pakati pa kaponi kokalamba ka ana ndi hatchi ya mtundu wa warmblood yolumpha pa mipikisano ya ku Kyalami Equestrian Park imene mtengo wake umaposa nyumba ya ku Area 47. Munthu akabwera ndi hatchi yodula kuposa malire anu, mwina mukweze malirewo kapena alembe mu mgwirizano kuti akudziwa ndipo ali ndi inshuwalansi yakeyake. Ife tinakanapo hatchi ina pa chifukwa chomwechi, ndalama yake inali yokoma koma ndinawauza adona kuti imeneyi itigulitsitsa puloti.

Dziwaninso kuti chitetezo chimenechi si cha matenda kapena tsoka wamba. Hatchi ikagwidwa colic usiku popanda kulakwa kwanu, kapena mphenzi ikaiwomba mu paddock monga zimachitikira kuno ku Highveld nthawi ya dzinja, imeneyo ndi nkhani ya inshuwalansi ya mwini hatchi, ya imfa ndi ya chipatala. Opaleshoni ya colic kaya ku Onderstepoort kaya kuchipatala china cha mahatchi ndi ndalama zoti munthu wosakonzeka amalira, ndipo chisankho chimafunika pa ola limodzi kapena awiri, 2 koloko usiku mwini wake foni ili yozima. N'chifukwa chake mgwirizano wolembedwa ndi wofunika ngati inshuwalansi yomwe. Mulembemo kuti hatchi ili ndi inshuwalansi ku kampani iti, nambala yake, dotolo wake ndi ndani, ndipo mwini wake asaine kuti akapanda kupezeka muli ndi chilolezo choitana dotolo mpaka ndalama zakutizakuti, ndiponso anene yekha ngati akufuna opaleshoni kapena ayi. Makampani a inshuwalansi ya hatchi amafuna kudziwitsidwa msanga, ndipo zikakhala kuti hatchi iphedwe chifukwa cha ululu amafuna lipoti la dotolo, kawirikawiri ndi post mortem yomwe, nde musathamangire kukwirira kapena kuitana onyamula mtembo musanaimbe foni.

Za chikwangwani chija chili pageti la yadi iliyonse choti mukulowa mwa kufuna kwanu, chimathandiza koma osachikhulupirira kwambiri. Lamulo la Consumer Protection Act la 2008 limafuna kuti mawu otere alembedwe momveka, aonekere, ndipo munthu auzidwe asanalowe mu mgwirizano, pa zinthu zoopsa asaine kumene kuti waona. Lamulo lomwelo silikulolani kudzichotsa pa mlandu wa mphwayi yaikulu ngakhale munthu atasaina mapepala khumi. Komanso woyendetsa galimoto pamsewu uja sanasaine kanthu ndi inu.

Za antchito ndilankhula ndi mtima wina chifukwa ndinachokera komweko. Groom ndi amene amamenyedwa theche, kupondedwa phazi, kukokedwa ndi chingwe mpaka phewa kuguluka, ine chala changa chakumanzere sichipindika mpaka lero. Public liability sikhudza antchito anu. Chawo ndi COIDA, lamulo la 1993 la chipukuta misozi cha ovulala pantchito, wolemba ntchito aliyense ayenera kulembetsa ku Compensation Fund ya Department of Employment and Labour, kupereka return of earnings, fomu yonena malipiro a antchito ake, chaka chilichonse ndi kulipira zimene amuwerengera, ndalama imeneyi sadula pa malipiro a wantchito ayi. Munthu akavulala ngozi iyenera kunenedwa pasanathe masiku 7. Kale mabwana ena ankazemba ponena kuti uyu ndi wa m'munda wa pakhomo chabe, koma kuyambira November 2020 pamene Constitutional Court inagamula mlandu wa Mahlangu, ngakhale antchito a pakhomo ali mkati. Phindu lake lili mbali zonse, wantchito amalipiridwa chipatala ndi masiku amene wagona, bwana naye lamulo limamuteteza kuti wantchito asamusumire payekha. Anzanga magroom, funsani abwana mwaulemu ngati analembetsa, pali kalata yotchedwa letter of good standing imene imasonyeza zimenezi. Amene wachita bwino sakwiya ndi funso limeneli.

Nyumba zenizenizo, makola, shedi ya udzu, chipinda cha masadulo, mipanda, thanki ndi pampu ya borehole, zilembedwe chimodzichimodzi pa mtengo woti mungamangirenso lero osati umene munamangira kale. Pali kamsampha kotchedwa average. Tinene kuti kumanganso makola anu kungadye R600 000 koma inu munalembetsa R300 000 pofuna kusunga ndalama, moto wawononga za R200 000, musayembekezere R200 000, akupatsani theka R100 000 chifukwa munalembetsa theka, n'kuchotsaponso excess, gawo limene mumalipira nokha pa claim iliyonse. Denga likakhala la udzu amafuna mlongoti wa mphenzi ndi zozimitsira moto zoyezedwa chaka ndi chaka, akalemba zimenezi pa pepala ndiye kuti ndi lamulo osati pempho. Mabelo a teff, eragrostis kapena lucerne musawaunjike khoma limodzi ndi makola, ndipo belo lomangidwa lisanaume limatentha lokha mkati mpaka kuyaka, ine lori ikatsitsa ndimalowetsa dzanja pakati pa mabelo angapo, likakhala lofunda ndi kafungo kowawasa limagona panja.

Pa moto pomwepa pali lamulo lina limene a mapuloti ambiri salidziwa, National Veld and Forest Fire Act la 1998. Limafuna kuti mwini malo alambule mzere woletsa moto m'malire, ndipo moto wa tchire ukachokera kwanu n'kukawononga kwa aneba khoti limayamba ndi kuganiza kuti munachita mphwayi, inuyo ndi amene mutsimikize kuti ayi, pokhapokha ngati muli membala wa Fire Protection Association ya dera lanu. August ndi September kuno udzu uli gwaa mphepo ili kuwomba, ndudu imodzi ya mnyamata kuseri kwa shedi ndi yokwanira. Funsani broker ngati liability yanu ikuphatikiza spread of fire, ya moto wofalikira kwa aneba, nthawi zambiri imagulidwa padera.

Masadulo amabedwa kwambiri chifukwa ndi opepuka ndipo ndi odula. Anu lembetsani, jambulani manambala ake, koma a eni mahatchi auzeni polemba kuti adziikire pa inshuwalansi yawo. Kampani imafunanso kuona kuti wakuba anathyola, chitseko chosiyidwa chosakhoma salipira.

Nthenda ya mahatchi ya African horse sickness ndi nkhani ina yoti isakupezeni mukugona. Imafala ndi tizilombo touluka ting'onoting'ono totchedwa Culicoides toluma madzulo ndi m'bandakucha, makamaka chakumapeto kwa mvula, ndipo imapha msanga. Katemera amabayidwa chaka chilichonse pakati pa June ndi October, ndipo makampani a inshuwalansi ya hatchi amayang'ana mu pasipoti ya hatchi ngati dotolo anadinda. Mukalonjeza mu mgwirizano kuti yadi ndi imene iziona za katemera kenako n'kuiwala, hatchi n'kufa, kampani ya mwini wake ikana ndipo mwini wakeyo abwera kwa inu. Ife tinakhoma bolodi mu chipinda cha chakudya, dzina la hatchi, tsiku la katemera woyamba, la wachiwiri, la chimfine, la mankhwala a njoka za m'mimba. A ku Western Cape mukudziwa kale kuti kumeneko kuli chigawo chotetezedwa ndipo hatchi siilowa popanda chilolezo cha dotolo wa boma.

Horsebox nayo, inshuwalansi ya galimoto imalipira ngolo osati hatchi ili mkati, ndipo mukamalipiritsa anthu powanyamulira mahatchi galimotoyo iyenera kulembedwa kuti ndi ya bizinesi. Mukalola mphunzitsi wochokera kunja kudzaphunzitsa ana pa bwalo lanu, aonetse pepala la inshuwalansi yake musunge kope, apo ayi muuze broker awonjezere maphunziro pa yanu chifukwa kusunga mahatchi ndi kukweza ana pa mahatchi kampani imaziona ngati ngozi ziwiri zosiyana. Ochita lendi puloti, inshuwalansi ya alandilodi ndi ya makoma awo, sikutetezani inu, ndipo onani kaye ngati lease ndi malamulo a khonsolo akulola bizinesi pamalopo.

Abale amene muli ku Britain m'mayadi a kumeneko, mfundo ndi yomweyi koma lamulo lake ndi lolimba kwambiri kwa wosunga. Ku England ndi Wales, Animals Act ya 1971 imagwira keeper, kutanthauza mwini kapena amene chiweto chili m'manja mwake. Mu 2003 House of Lords, khoti lalikulu la kumeneko pa nthawiyo, pa mlandu wa Mirvahedy v Henley inagamula kuti eni mahatchi alipire munthu amene anavulala kwambiri galimoto yake itagundana ndi hatchi pa msewu wa A380 ku Devon, mahatchiwo atadzidzimuka usiku n'kuthyola mpanda, ngakhale khoti linapeza kuti eni akewo sanachite mphwayi ndipo mpanda unali bwinobwino. Kumenekonso employers' liability, inshuwalansi ya antchito akavulala, ndi yokakamiza mukakhala ndi wantchito, yosachepera £5 miliyoni, ndipo chindapusa chake chimafika £2,500 pa tsiku lililonse limene mulibe.

Tsoka likachitika, choyamba ndi munthu ndi hatchi, ambulansi, dotolo. Kenako jambulani chilichonse musanakonze, geti, tcheni, waya, mapazi pa dothi, lembani maina ndi manambala a amene anaona, ndipo uzani broker tsiku lomwelo ngakhale wina asanakuopsezeni ndi loya. Chovuta kwa ife achimalawi ndi pakamwa, tinaleredwa kuti ukalakwa uzipepesa msanga, nde umapezeka wanena kale kuti pepani bwana ndi ife talakwa tilipira zonse. Mapepala a liability amaletsa kuvomera mlandu kapena kulonjeza ndalama kampani isanalole. Mutha kumufunsa munthu ngati ali bwino, kumupatsa madzi, kumuperekeza kuchipatala, koma za amene walakwa muwasiyire a kampani, ngakhale pa WhatsApp osalemba. Kampani ikakana claim ndipo mukuona kuti yakuponderezani, pemphani chifukwa chake polemba, mukadandaule kaye mkati mwa kampaniyo, zikakanika pitani ku National Financial Ombud, ofesi yomva madandaulo otere, imene inayamba ntchito mu March 2024, sikulipiritsa, koma yang'anani masiku amene alembedwa mu kalata yokanayo chifukwa akadutsa mwayi wokasuma umatha.

Ife tinalipira mabilu atatu aja kuchokera m'thumba la adona pang'onopang'ono, hatchi yofiirira inachira koma mwini wake anaisamutsa. Pano pepala lathu timaliunikanso chaka chilichonse mwezi umodzi lisanathe, ndimakhala pansi ndi adona ndi broker ndili ndi kope langa la mahatchi amene alowa ndi amene atuluka, ndipo pa geti lililonse la paddock ndinaika tcheni ndi kachitsulo kokolera kachiwiri, magetsi akazima geti la kumsewu limakokedwa ndi manja n'kutsekedwa bakkie ikangodutsa.